Wakuba Ngali za Mayi Vinia

Mayi Vinia a pachilumba cha Vangunu ankadana ndi vika, khoswe wamkulu wofiirira wokhala m'mitengo. Chaka chilichonse ankawadyera ngali, mtedza wa m'mitengo imene anawasiyira malemu mayi awo. Komabe akaona zigoba zobooka pansi, m'pamene ankadziwa kuti ngali zakhwima, n'kutulutsa madengu.

Odula mitengo atabwera, mayiwa sananyengerere. "Mundipatse malata a nyumba yonse, ndipo mitengo yanga ya ngali musaikhudze. Inayo gwetsani. Ngati simukufuna, boti lanu ndi ilo."

Aphunzitsi a Jesimiel atamva, anawapeza akusenda chinangwa.

"Mayi, vika kulibenso kwina padziko lonse, koma kuno kokha. Akatswiri anamuika kale m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu. Moyo wake ndi wa m'mwamba, kuchoka nthambi iyi kupita inayo. Mukasiya mitengo yanu yokha, ayenda bwanji?"

"Akwere boti," anatero Mayi Vinia. "Kodi aphunzitsi, khosweyu ndi mlamu wanu? Mvula ikamandidonthera pamphasa, iye amabwera kudzafolera?"

Malata atafika, makina analira mpaka phiri linayera. Mitengo ya ngali inatsala yokhayokha pakati pa zitsa ndi matope ofiira.

Tsiku lina m'mawa mayiwa anapita kukaiona. Pansi pa mtengo waukulu panagona vika wamkazi, agalu atamuluma pakhosi. Vikayo anali atatsika kufuna nkhalango. Kamwana kake kanali kadakakamira pamimba, kozizira kale. Mayi Vinia anakumba ndi chikwanje n'kuwakwirira onse awiri.

Nyengo ya ngali itakwana, sanaone chigoba chobooka ngakhale chimodzi. Anadikira, n'kudikirabe, mpaka nkhumba zinayamba kudya zakugwa.

Anapita kusukulu osasamba n'komwe.

"Aphunzitsi, ndikazula malata aja n'kuwabwezera odula mitengo, vika abwerera?"

"Sabwerera, mayi. Mwina alipo ochepa kuseri kwa phiri, kumene sikunadulidwe."

"Kumeneko ndiye odula mitengo asayerekeze. Andipeza ine."

Madzulo mvula inagwa. M'nyumba simunadonthe ngakhale pang'ono. Mayi Vinia anakhala pafupi ndi dengu la ngali, zonse zathunthu, osadyako ndi imodzi yomwe.

Phunziro: Potsatsana malonda a nkhalango, musamangoteteza mtengo wanu wokha. Chimene chatha pachilumba chake chokhacho, chatha padziko lonse, ndipo palibe amene angakugulitseninso.