Njira ya Mkamwini Imakhota

Aníbal ankayendetsa chigalimoto chonyamula malasha, chachikulu ngati nyumba, uku akuimba mluzu. Koma akangomva kuti apongozi ake akubwera, ankayamba kusaka pobisala. Anakulira ku Zóbuè m'banja losunga mwambo, kumene mkamwini akaona apongozi aakazi panjira amapatukira patchire mpaka adutse. Anzake a kumgodi ku Moatize ankamuseka kuti zimenezo n'zachikale, iye n'kumangomwetulira.

Tsiku lina madzulo atatsika basi ya kuntchito, analowa kanjira kake ka masiku onse kopita kunyumba. Atafika pokhota anangoona mayi Bernardina, apongozi akewo, akubwera poteropo atasenza thumba la kachewere. Anali atachoka ku Zóbuè osatumiza ndi mawu omwe, monga amachitira anthu okonda mwana wawo. Aníbal sanaganize kawiri. Anadumphira muudzu, osadziwa kuti mvula inakumba chingalande pamenepo, ndipo mwendo unathyoka. Mwamuna uja anangolumanitsa mano, kuli zii, mpaka mayiwo anadutsa. Anadzamutola ndi anthu ochokera kumsika.

Kuchipatala anamuika chikhakha n'kumuuza kuti aiwale za chiwongolero kwa miyezi ingapo. Kenako kunabwera Danilo, mnyamata wa ku seguru, bungwe lolipira antchito akavulala.

"Bambo Aníbal, seguru imakuthandizani ngati mwavulala panjira yanu yochokera kuntchito," anatero Danilo. "Koma inu anakupezani m'tchire. Munkakatani kumeneko?"

"Ndinangoterereka, shefe."

"Kuterereka mpaka kudutsa udzu wonse uja? Ngati munapatukira zanu, kaya kumowa, ine ndilibe chochita. Ndibweranso mawa."

Aníbal anamvetsa bwino lomwe. Popanda seguru, miyezi yonseyo pakhomo pakanagwa njala, ana n'kusiya sukulu. Koma kunena kuti ankathawa apongozi kunali ngati kuwaimba mlandu woti ndiwo amuthyola mwendo. Mtima unamuwawa, komabe anati bola njala. Ngakhale mkazi wake Cândida atamupanikiza ndi mafunso, maso ali psuu poganiza kuti mwina kuli kamkazi kwinakwake, iye anangoyang'ana kudenga.

M'mawa mwake Danilo atangokhala pansi, pakhomo panamveka kachifuwa kamene Aníbal akanakazindikira ngakhale pakati pa msika. Kothawira kunalibe, mwendo uli m'chikhakha. Anakoka bulangete n'kudzifunditsa mpaka kumutu, bambo wa ana atatu wathunthu.

Ali m'bulangetemo anamva mayi Bernardina akuika chinthu patebulo.

"Chisoti cha kuntchito ichi ndachitola muudzu m'mawa uno," anatero mayiwo. "Dzana podutsa paja ndinamva chinthu chikugwa, ine n'kumati ndi mbuzi. Eti anali mkamwini wanga, atathyoka mwendo koma osalira n'komwe kuti ndisachite manyazi."

"Ndiye kuti ankakuthawani inuyo, mayi?" anafunsa Danilo.

"Ankandilemekeza. Munthuyu ankapita kwawo, mwana wanga, panjira yake yomweyo. Kungoti njira ya mkamwini imakhota pamene pali apongozi."

Cândida, amene anali pomwepo, anaphulika kuseka, kuseka kwake kosakanikirana ndi misozi. Danilo naye analephera kudzigwira.

"Inetu ku Kambulatsitsi ndinabisalapo m'khola la nkhumba chifukwa cha apongozi," anatero. "Bambo Aníbal, mukanangonena! Munali panjira, ndipo mboni ndi iyi. Zatheka."

Danilo atatuluka, Aníbal anadikira kuti apongozi nawo atuluke. M'malo mwake anamva bedi likulira, mayiwo atakhala m'mphepete mwake, pafupi penipeni ndi chikhakha. Fungo la nkhuku yootcha linalowa mpaka m'bulangete.

"Vundukulani, bambo," anatero mayi Bernardina. "Nkhuku iyi ndapha yochotsera manyazi. Kuyambira lero ndinu mwana wanga wobereka ndekha."

"Mayi, sizoyenera," mawu anatuluka m'bulangete.

"Zoyenera ndi ziti? Kuti adzukulu anga agone ndi njala chifukwa cha ulemu wanu?"

Aníbal anatsitsa bulangete pang'onopang'ono. Chikwatirireni anali asanawayang'anepo kumaso mayiwa, ndipo anadabwa kuona kuti ali ndi kampata kumano kofanana ndendende ndi ka mwana wake wamkazi wotsiriza. Maso awo anali atalengeza misozi.

Mayi Bernardina ananyema ntchafu ya nkhuku n'kumuika m'manja.

"Idyani ndikuona," anatero. "Mwendo wabwino watsala umodzi. Umenewo ndiye musadzauthyolerenso ine."