Kulemera kwa Katsabola

Make Katsabola anaponya chikwama pakhomo n'kuthamangira mwana wake. Anamunyamula ndi mphamvu ija ankanyamulira kakhanda kokwawa kamene anakasiya popita kutali kukagwira ntchito ya m'nyumba. Manja anamunamiza. Mwana anali atalemera, ndipo onse awiri anagwera pampando.

Katsabola analira n'kuthawira kuseri kwa siketi ya mayi ake aakulu, amene anamulera nthawi yonseyi.

"Ii, achemwali, mwanayu mumamudyetsa miyala?"

"Umafuna umupeze mmene unamusiyira? Mwana si tebulo," achemwali akewo anatero akuseka. "Khala pansi. Ubwerera liti?"

"Mawa m'mawa. Adona akuti ine ndikachoka ana awo sadya."

Analowa kukhitchini. Kunali kopanikiza: katebulo, beseni, makapu pa shelefu, ndi jagi ya pulasitiki yokhala ndi madzi. Katsabola atatonthola anapita pa katebulo paja n'kutambasula manja. Mayi ake anadumpha.

"Siya iwe! Utaya!"

Anamulanda jagi ija. Mwana anakuwa ngati wapsa ndi moto.

"Mubwezere," achemwali anatero. "Ukamamugwirira, adziwa bwanji kulemera kwake? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ilibe basi yoti ikwere mawa."

Komabe anaibweza, akung'ung'udza. Katsabola anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. Sanainyamule msanga. Anayamba waikankha pang'ono ndi chala, n'kusuzumira m'kati. Kenako dzanja limodzi linagwira chogwirira, lina linalowa kunsi, jagi n'kutsamira pamimba. Anayenda lilime lili panja. Madzi akayamba kugwedezeka ankaima, akakhazikika n'kupitiriza.

"Anamuphunzitsa ndani?" mayi ake anafunsa chapansipansi.

"Jagi yomweyo. Tsiku lina inali yopanda kanthu, iye n'kuinyamula ndi mphamvu ya yodzadza. Inamumenya pachipumi, pha! Sukuona kachipsera ako? Kuyambira pamenepo amayamba waifunsa kaye. Supuni ankaigwira kunsonga, chakudya chonse m'khosi mwa malaya. Dzira loyamba analifinya mpaka linamutuluka m'zala, iye n'kundiyang'ana ngati ndaliswa ndine."

Make Katsabola sanaseke. Ankayang'ana kachipsera kaja. Mwana wa adona ankamudziwa yense. Ankadziwa dzanja limene amagwirira kapu, ankadziwa kuti ukamupatsa mbale yolemera amaisiya ndi dala kuti imveke phokoso. Anamugwira zala yekha mpaka supuni inapeza pakamwa. Koma wakeyu anaphulika chipumi, magazi n'kutuluka, chilonda n'kupola, iye osadziwa, ali kalikiliki kupukuta magalasi a eni ake.

Katsabola anathira madzi m'kapu, ena n'kudontha pansi, ndipo analoza mayi ake aakulu.

"Amama, imwani."

"Apatse amayi ako awo. Atopa ndi ulendo."

Mwana anayang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayenda pang'ono, n'kuika kapu pansi pakatikati pa chipinda, n'kubwerera chafutambuyo. Make Katsabola anawerama n'kuitola. Anamwa onse ngakhale analibe ludzu. Kenako anatulutsa foni.

"Adona, ndine. Ndikamabwera ndibwera ndi mwana wanga."

"Mwana? Koma chipinda chako n'chaching'ono," mawu a adona anamveka m'foni.

"Nayenso ndi wamng'ono."

"Sitinapangane choncho."

"Tipangane lero. Ana anu ndawaphunzitsa kudya okha, wanga sandidziwa n'komwe nkhope. Mukafuna manja angawa, abwera ndi katundu wake. Mukapanda kufuna, pezani wina wodziwa kugoneka wamng'ono wanu uja, tione."



"Ndifunse kaye abambo."

"Afunseni. Ine sindithawa."

Anadula foni. Achemwali anali atapinda manja pachifuwa, kuseka kuja kutatheratu.

"Wachita malonda ndi adona, nanga ndi mwiniwakeyu? Taona mmene akukuonera. Ukamuzula mawa afota. Alira njira yonse, akafika kumeneko akana chakudya, iwe uli bize ndi ana a eni."

"Ndi wanga."

"Palibe wakana. Ine ndangosunga. Ungoti sindimva kuwawa? Koma mwana salandidwa ngati jagi ija unamulanda."

Make Katsabola anayang'ana mwana wake. Katsabola anali atakwera pamwendo pa mayi ake aakulu, akuseweretsa batani la bulauzi yawo, diso limodzi lili pa mlendo.

"Ndiye mawa sindikwera," Make Katsabola anatero. "Ndikhala mpaka abwere yekha."

"Ntchito ikatha?"

"Ndinaipeza ndi manja, ndipo manja sindinawasiye kumeneko."

"Ugona pansitu. Bedi ndi limodzi."

"Kwa adona mukuganiza ndimagona pa chiyani?"

Anavula nsapato n'kukhala pasimenti, msana utatsamira khoma, miyendo atatambalala. Manja ankamuyabwa kufuna kutambasuka, koma anawapanikiza pakati pa mawondo. Foni inalira. Anayang'ana, n'kuona kuti ndi adona, n'kuitembenuza chafufumimba. Katsabola anatsika pamwendo paja kuti aone chimene chikulira, ndipo anaima patali pang'ono, chala chili m'kamwa. Mayi ake sanasunthe.