Njere za Masuku pa Malata

Cephas atabwerako ku Ulaya, kumene anakalambira akusamalira nkhalamba za eni ake, anayamba wapita kwawo ku Katete kukaona phiri limene ankatolako masuku ali mwana. Analipeza lili mbee, ngati mutu wa namfedwa. Mitengo inali itapita ku Lusaka m'matumba a makala, ndipo mvula ikagwa madzi ankatsika ndi dothi lomwe n'kukakwirira madimba. Anabwerera ku Kanyama, mu Lusaka, kwa mlongo wake wamkulu, Philomena, atatsimikiza mtima kuti phirilo livalenso.

Anadya masuku Disembala yense mpaka m'mimba kudandaula, njere n'kumazisunga m'chidebe cha mchenga wonyowa. Kenaka anakagona ku maliro ku Matero, ndipo pobwera anapeza chidebe chija chili chotsuka.

"Ba sisi, njere zanga zili kuti?"

"Pa malata. Zenze zinunkha, iwe. Nazisuka, naziyanika monga za maungu. Zauma bwino maningi."

Cephas anangokhala pansi. Njere ya suku si ya dzungu, ikauma yafa. Masuku anali akutha m'misika, ndipo dokotala anali atamuuza kale kuti ndi mtima wakewo asamapangane ndi chaka chamawa.

Philomena sanapepese, sanabadwe wopepesa. M'mawa anakwera minibasi, nabwera atasenza beseni la masuku otsiriza, ena atayamba kale kuphwanyika. Cephas atati angowafinya achotse njere, mlongo wake anamumenya padzanja.

"Vakudya sibataya mu nyumba yanga. Nizaitana bantu."

Anabwera amayi a nyumba zonse za pamzere wawo, nakhala pakhonde n'kumatsopa mwakachetechete. Koma m'mbale imene Cephas anaika pakati simunagwe njere ngakhale imodzi. Aliyense ankalavulira m'manja n'kumangirira pansonga ya chitenje.

"Ba Cephas," anatero amayi a Chisala, ogulitsa tomato, "munthu mwachoka ku vyalo, mukazi mulibe, nchito mulibe, manje musonkhanisa mata ya bantu. Muyapeleka kuti?"

Cephas anazindikira kuti akunena za malovu a panjere. Anthu ake omwewa, amene ankawalota m'chisanu cha kunja, ankamuyesa mfiti! Anakonza kukhosi kuti awauze za nkhalango ndi mvula, zonse zimene anawerenga, koma Philomena anamuponda chala. Philomenayo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thumba la mapaketi otha a maheu odzaza dothi, amene Cephas anakonzeratu.

"Mata ni yanu, yasungeni," anatero Philomena. "Tengani mapaketi aya. Aliyense ashange eka, apeleke ku nyumba kwake. Ikamela, mutibwezele kamutengo. Olo na masamba yali na mata?"

Amayi aja anaseka mpaka wina kutsamwa. Anamasula zitenje, nabzala, nanyamuka aliyense atakumbatira mapaketi ake. Cephas anawayang'ana akukhota pangodya, mumtima akuti basi, zapita.

Mu Febuluwale Kanyama anamira m'madzi a mvula monga amachitira chaka chilichonse. Cephas anatuluka atapinda buluku, akudumpha pa njerwa zimene anthu anayala m'madzi. Atakweza maso anaima. Pa malata a nyumba iyi ndi iyo, pakati pa miyala yotsendera denga ndi matayala akale, panali mapaketi a maheu ali ndandanda, timasamba tobiriwira tikusuzumira. Anthu amene mipando yawo inali kuyandama m'nyumba anali atayamba akweza mbande.

"Ba Cephas!" Anali amayi a Chisala, ataima pa dilamu, chitenje atachikwinya. "Vanga vamela vonse! Koma sinizakupasani. Imwe mumataya njere."

"Sindine ninaziyanika, ni ba sisi!"

"Ni chimozimozi, ndimwe ba pa nyumba imozi. Ku phiri kwanu nizayenda neka, nikashange na manja yanga. Basi ya ku Katete inyamuka nthawi bwanji?"