Mchere wa Mayi Elube

Mayi Elube anasiya kusamba kalekale, mdzukulu wawo woyamba asanabadwe. Ndiye magazi atayambiranso, anangochita zomwe anawalangiza ali namwali kwawo ku Phalombe: anasiya kuthira mchere m'ndiwo, kuopa kudula amuna awo, a Nowa. Pa esiteti ya fodya ya ku Nsaru, pomwe ankakhala ngati matenanti, analibe mwana woti aziwathirira. Ndiwo zikapsa ankaitana a Tabita a khomo loyandikana.

A Tabita anathira mchere chilimwe chonse. Poyamba ankaseka, ati a Nowa ayambe kugula matewera. Mvula itagwa, magazi osaleka, nthabwala zinatha ndipo anawakokera anzawowo ku chipatala.

Kumeneko anawatumiza ku chipatala chachikulu cha m'tauni, komwe anawapeza ndi khansa ya m'chiberekero. Dokotala anati chiberekero chichotsedwe msanga, nawapatsa tsiku. Anati abwere ndi wowayang'anira komanso achibale opereka magazi. Nanga tenanti achibale awatenga kuti? Tsikulo linagwera nthawi yothyola fodya. A Nowa atapempha kuti awaperekeze, kapitawo anati wosiya fodya m'munda angolongedzeratu katundu. A Tabita nawo anauzidwa zomwezo. Mayi Elube anapita okha, ndipo namwino anawabweza mwaulemu, magazi awo anali ochepa kwambiri kuti n'kuwang'amba.

Tsiku lina la opaleshoni linapezeka fodya atapita ku okushoni. Ulendo uno a Tabita anapita nawo, anapereka magazi, n'kumagona pansi pa bedi.

Pa bedi loyandikana panali Mayi Chikoti, mphunzitsi wopuma wa ku Nambuma. Msinkhu umodzi, matenda omwewo. Iwowo mwana wawo anawathamangitsira kuchipatala mwezi womwe anaona magazi, ndipo opereka magazi anachita kutsala ena. Atachitidwa opaleshoni, dokotala anawauza ali chiimire kuti zonse zachotsedwa. Pa bedi la Mayi Elube anayamba wakoka mpando.

"Mayi, chiberekero tachotsa," anatero, "koma matendawa anali atafalikira kale. Kwina sitinathe kufikako."

Mayi Elube zinawawawa kwambiri. Sanakwiyire dokotala kapena Mayi Chikoti, amene ankawagawira phala m'mawa uliwonse. Anangokumbukira tsiku lomwe anabwezedwa lija, mtima n'kuwawa. Anafunsa chinthu chimodzi, ngati magazi aleke. Dokotala anati amenewo aleka. Pobwerera m'minibasi anawapempha a Tabita kuti asunge pakamwa mpaka iwo eni atapeza poyambira kuwauza a Nowa.

Bala litayamba kupola Mayi Elube anaphika nyemba. Zitapsa anatapa mchere ndi dzanja lawo n'kuthira. A Nowa, amene ankachokera ku nazale ya fodya ndi khasu paphewa, anaima pakhomo. Bambo ameneyu za khansa sankazimvetsa bwino, koma za mchere ankazidziwa.

"Mwathira nokha? Ndiye kuti mwachira, eti?"

Anatula khasu, nkhope yonse mano okhaokha, n'kuitana a Tabita kuti adzaone. A Tabita anabwera, anayang'ana mphikawo, kenako anayang'ana pansi.

Mayi Elube anavundula nyembazo, analawa, mchere unali utakwana.

"Kasambeni m'manja, bambo," anatero. "Tidye kaye."