Makadi Osafika kwa Eni Ake

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinkagawa makalata pa yunivesite ya Wexmoor, kuno ku Ohio, m'kachipinda kapansi kopanda zenera. Dzina langa ndine Odessa Pruitt. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pali chinthu chimodzi chomwe ndimachidziwa kuposa mapulofesa onse a m'mwambamo: kalata iyenera kufika kwa mwini wake. Mwana akasamuka hositelo ndinkamulondola. Agogo ake akalemba dzina mokhotakhota ndinkafunsa mpaka nditamupeza.

Mwana wanga Delphine ankaphunzira pomwepo za udotolo wa ziweto, ndipo ankagona ku hositelo yoyandikana ndi makola chifukwa ng'ombe sizidikira munthu wochokera kutauni. Mliri utabuka mu Malichi 2020, akuluakulu a yunivesite anapatsa ana onse masiku atatu kuti atuluke, azikaphunzira kunyumba pa intaneti. Makola anatseka, chipinda cha opaleshoni anatseka. Fizi yokha ndiyo sinadwale. Anatilipiritsa yonse, mpaka ndalama ya khola, mpaka ya basi yomwe inangoimikidwa n'kumadontheredwa zitosi ndi nkhunda.

Delphine anaphunzira kubaya jakisoni pa malalanje. Kusoka bala anaphunzirira pa ntchafu za nkhuku za mufiriji mwanga, mphunzitsi ali pa kompyuta kumangoti, "Sendeza ku kamera, sindikuona." Tinadya nkhuku yosokedwa chaka chathunthu. Ndinkasolola ulusi ndisanakazinge, koma tsiku lina ndinaiwala ndipo mlamu wanga anatsala pang'ono kutisiya pa tebulo pomwepo.

Delphine atamaliza maphunziro, a bungwe lopereka ziphaso anamuuza kuti maola omwe anagwira nyama yamoyo ndi osakwanira. Abwerere teremu imodzi, madola 7,200. Tinalibe. Mwana woti adzachize mahatchi anayamba kusambitsa agalu a anthu olemera pa kashopu kena.

Ndiye kunabwera a Voss, loya wa nsapato zonyezimira, kudzanena za mlandu wa gulu. Anthu ambiri akalakwiridwa mofanana, mmodzi amaimira onse kukhothi, dzina lake n'kukhala pamwamba pa mlanduwo. Ophunzira analipo 11,000, ndipo amene anavomera kuika dzina anali Delphine. Kuntchito anthu anayamba kundipatsa moni wa m'mphuno. Ine sindinasamale, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Patapita zaka zitatu a Voss anafika pakhomo akumwetulira, n'kuyala mapepala pa tebulo lomwe lija la nkhuku.

"Mayi Pruitt, Delphine, tapambana! Agonja kunja kwa khothi."

Kugonja kwake kunali kotere. Yunivesite ipereka madola mamiliyoni atatu koma osavomera kuti inalakwa. Maloya atengapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Wophunzira aliyense amutumizira khadi pa positi, woyankha pasanathe miyezi iwiri alandira gawo lake, ndipo ndalama zosatengedwa zibwerera ku yunivesite. Delphine, poti ndiye anasenza mlandu, alandira madola 7,500 akasaina kuti mgwirizanowo ndi wachilungamo, jaji n'kuuvomereza.

Delphine analira ndi chimwemwe. "Amayi, teremu ija yakwana! Mpaka chenji chotsala!"

Nanenso ndinasangalala, sindikana. Ndinaona kuti ndalamayo ikungozungulira kubwerera komwe yachokera, koma ndinatseka pakamwa. Anasaina.

Lolemba lina la mu Okutobala galimoto ya positi inatsitsa makatoni asanu ndi limodzi m'kachipinda kanga. Munali timakadi ta buluu tokhatokha. Ndinatola kamodzi: Priya Raman, Hositelo ya Kumakola, bokosi 214. Priya anali mnzake wa Delphine, ndipo anasiya bokosi la makalata limenelo tsiku lomwe anawathamangitsa lija. Ndinatola kena, chimodzimodzi. Makadi onse anawatumiza ku mahositelo komwe eni ake anatulutsidwa zaka zinayi zapitazo.

Ndinakwera masitepe kupita kwa bwana wanga, a Gerrity.

"Bwana, makadiwa akusowa eni ake. Tiwalembe maadiresi akwawo?"

"Sitampa yake ndi yotchipa, Odessa. Oterewa satumizidwa kwina, sabwezedwanso. Kataye ku bini ya mapepala."

"Anapereka maadiresi amenewa ndani?"

"Ofesi ya kaundula. Anapemphedwa maadiresi a nthawi ya mlanduwo, apereka a nthawi ya mlanduwo. Iwe vuto lako n'chiyani?"

"Vuto langa ndi loti mwezi watha ine ndemwe ndinatumiza makalata opempha chopereka kwa ana omwewa. Onse anafika. Wina tinamupeza ku Alaska."

A Gerrity anavula magalasi. "Watsala ndi zaka ziwiri kuti ulandire penshoni. Usandivute, usadzivute."

Ndinakataya monga anandiuzira, iwo akuona. Nthawi ya nkhomaliro ndinabwerera ku biniko ndi thumba lakale la positi, ndinawola makadi onse, n'kuliguza mpaka ku galimoto yanga. Chotayidwa chilibe mwini. Msana unandipweteka sabata yathunthu.

Ndinayamba ndaimbira a Voss. Ndinkaganiza kuti adumpha ndi mkwiyo, koma mawu awo anali ozizira ngati madzi a mufiriji.

"Lamulo limangofuna kuti makadi atumizidwe, mayi. Atumizidwa."

"Atumizidwa ku bini!"

"Mayi Pruitt, inu si wophunzira, simuli m'gulu la mlanduwu. Khothi silingakumvereni. Ndipo muganizire mwana wanu musanagwedeze chinthu chomwe chakhazikika kale."

Apo ndinamvetsa. Gawo la maloya linali loduliratu, ana ayankhe asayankhe. Amene akanatha kuimirira pamaso pa jaji anali mmodzi yekha, ndipo anali kukhitchini kwanga akuchotsa ubweya wa agalu pa juzi.

Ndinamuuza zonse. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Amayi, mukufuna kundipha?"

"Ndikufuna makadi afike."

"Makadi! Ine zaka zitatu ndikununkha sopo wa agalu, inu mukuti makadi? Aliyense wa anawo akanalandira zingati, madola zana? Agula nsapato n'kuiwala. Ine ndi moyo wanga umenewu!"

"Dzina lako lili pamwamba pa mlandu. Unati ukuimira onse."

"Ndawaimira mokwanira! Anali kuti iwowo pomwe maloya a yunivesite ankandipanikiza mafunso maola asanu ndi awiri? Ndipo inuyo akakuchotsani ntchito tidzadya chilungamo chanucho?"

"Tinadya nkhuku ya ulusi, sitinafe."

Sanaseke. Anamenyetsa chitseko, mafelemu a zithunzi n'kugwedera. Miyezi iwiri tinkangolankhulana za mchere ndi makiyi. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa mwanayo sankanama. Koma nthawi iliyonse ndikalowa m'galaja n'kuona thumba lija litatsamira khoma, mtima unkandiwira. Anatidyera masuku pamutu kamodzi ndi fizi, tsopano ankafuna kuti ana athu asaine okha kuti masukuwo anali okoma.

Tsiku loti jaji amve za mgwirizanowo linali mu Disembala, kunja kuli mbuu ndi chipale chofewa. Delphine anavala suti yake imodzi ija ya maliro ndi maintaviyu. Ine ndinalowa m'galaja n'kuyamba kuguza thumba.

"Mukupita nalo kuti limenelo?"

"Kukhothi. Jaji akapanda kundimvera ndikhala nalo pa benchi, alione."

"Amayi, chonde, musandichititse manyazi."

Ndinakoka mwamphamvu. Thumbalo linakodwa pa msomali wa chitseko n'kung'ambika kuyambira pakamwa mpaka pamimba. Makadi anangoti mbwee pabwalo ponse, mphepo n'kuyamba kuwauluza. Ndinagwada m'chisanumo n'kumatola, misozi ya mkwiyo ili chuchuchu. Delphine anaima kanthawi manja ali m'matumba a suti yake, kenaka anawerama, mwina pongomvera chisoni mawondo anga.

Anatola angapo. Kenaka anasiya kutola. Nditadzutsa mutu ndinamuona atagwira khadi limodzi, akuliwerenga mobwereza.

"Delphine Pruitt," anatero chapansipansi. "Hositelo ya Kumakola, bokosi 209."

Ine sindinkadziwa n'komwe kuti lake lili momwemo.

"Ine mwini mlandu," anatero. "Akudziwa komwe ndimakhala. A Voss anadya makeke pa tebulo lathu. Ndipo langa analitumiza ku bini?"

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabokosi kake ka zitsulo zosokera mabala, ka singano yokhota ija. Anagwada pambali panga ndi suti yakeyo, anagwirizanitsa milomo ya thumba, n'kuyamba kusoka. Mfundo iliyonse payokha, yolimba, yofanana ndi inzake.

"Tolani msanga, amayi, tichedwa. Ndipo musandiyang'ane choncho, sindinakukhululukireni."

Kukhothi a Voss analankhula bwino zedi. Anati mwa ophunzira 11,000 ayankha 612, ndipo pa milandu yotere chiwerengero chimenecho n'chosadabwitsa, achinyamata ndi otanganidwa. Loya wa yunivesite ankangogwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi. Sindinaonepo adani ogwirizana chotere. Jaji, mayi wachikulire wa imvi zometa, anafunsa ngati pali wotsutsa.

Delphine anaimirira. A Voss anamukoka mkono wa jekete.

"Khala pansi, mtsikana iwe," ananong'ona.

"Ndisiyeni, bambo. Olemekezeka, ine ndine Delphine Pruitt. Ndinasaina kuti mgwirizanowu ndi wachilungamo. Ndikubweza mawu anga."

Tinanyamula thumba awiriwiri, iye kutsogolo ine kumbuyo, n'kulikhuthula pa tebulo la maloya. Makadi anasefukira mpaka pa nsapato zonyezimira zija. Jaji anaitanitsa odzaza dzanja, n'kuwawerenga limodzilimodzi osafulumira.

"Izi zachokera kuti?"

"Amayi anga ndiwo angafotokoze. Amagwira ntchito ya makalata pa yunivesitepo."

Loya wa yunivesite anadzuka n'kunena kuti ine si wa m'gulu. Jaji anamuuza kuti khothi ndi lake ndipo afunsa yemwe akufuna. Ndinalumbira, n'kunena za makatoni asanu ndi limodzi, za bini, za makalata opempha chopereka.

"Mukutsimikiza, mayi, kuti yunivesite ili ndi maadiresi atsopano a ana amenewa?"

"Olemekezeka, akafuna ndalama kwa iwo amawapeza ngakhale atabisala kudzenje. Ndimamata masitampa ake ndine. Koma ikakhala nthawi yowabwezera, akuti adiresi ndi ya chipinda chomwe anawathamangitsamo okha."

Wina kumbuyo anaseka chikhakhali. Jaji sanaseke. Anakana mgwirizanowo. Analamula kuti makadi atumizidwenso ku maadiresi enieni, ndipo anati sadzavomereza pepala lililonse lobwezera yunivesite ndalama zotsala. Za madola 7,500 anati popeza mgwirizano wagwa, nazonso zagwa, zidzaonedwa mlandu ukadzatha.

Pakhonde a Voss anali atafiira mpaka m'makutu.

"Wataya bomwetamweta, Delphine. Mlanduwu ukhoza kutenganso zaka ziwiri, ndipo palibe angakulonjeze kanthu. Uzisambitsa agalu mpaka liti?"

"Mpaka atayera, bambo," anatero mwana wanga. M'galimoto analira njira yonse, ndipo ine ndinamusiya alire.

Lolemba lotsatira chitupa changa cholowera chinakana kutsegula chitseko cha kuntchito. A Gerrity ananditulutsira kapu yanga ya khofi ndi juzi m'katoni, pamodzi ndi kalata yoti ndinatenga katundu wa yunivesite popanda chilolezo. Katundu wa m'bini! Kalata yokhayo sanaidalire positi, anandipatsa pamanja. Penshoni yathunthu inapita choncho, nditatsala ndi zaka ziwiri.

Mu Febuluwale ndinali pakhomo, poti ndinalibenso kopita, pomwe wa positi anaima pa bokosi lathu. Munali bilu ya magetsi ndi khadi limodzi la buluu. Delphine Pruitt, nambala ya nyumba yathu, msewu wathu, zonse molondola. Pansi pake analemba kuti gawo la wophunzira aliyense likhoza kukwana madola 180. Teremu ija inali ikadali madola 7,200.

Ndikanatha kulisiya pa tebulo kuti adzalipeze madzulo. Koma ndinavala jasi, ndinaliza galimoto, n'kupita ku shopu ya agalu. Ndinamupeza atapinda malaya mpaka m'zigongono, akulimbana ndi chigalu chaubweya chomwe chinkafuna kudumpha m'bafa. Foni yake inali pa shelefu, ikungolira.

"Ndi Priya ameneyo," anatero osacheuka. "Lake lafika dzulo ku Texas. Kuyambira m'mawa anthu akungoimba, ena sindikuwakumbuka n'komwe. Mwadzatani, amayi?"

"Ndabweretsa kalata. Delphine Pruitt ndinu?"

"Amayi, manja anga ndi onyowa. Ikani apo."

"Sindiika apo. Pukuta."

Anapukuta manja pa epuloni, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutambasula onse awiri. Ndinaliika m'manja mwake.