Filimu Yopanda Pakati

Achemwali anga amati filimu yaifupi imafuna zinthu zitatu basi: munthu achoke, avutike, abwerere. Iwo ndi amene amalemba nkhani ndi kulamula pojambula. Ine yanga ndi kulumikiza zidutswa pa laputopu, ndi kukalipiridwa zikalakwika.

Nkhani yathu inali ya mwamuna wothawa banja. Wosewera tinalibe, ndiye tinanyengerera bambo athu, munthu woti dzuwa likamalowa amakhala ali kale pakhomo. Ife a makamera sitijambula motsata nkhani. Poyambira ndi pothera zinkachitikira pachitseko chimodzi, choncho tinazijambula tsiku limodzi: bambo akutuluka ndi chikwama osacheuka, kenako bambo akulowa n'kukhala pampando wawo. Zapakati tinati tidzaona sabata yamawa.

Sabata imeneyo bambo anagwa m'bafa. Sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mawu anathawa. Atabwera kuchokera kuchipatala, ankangoloza laputopu yanga ndi chibwano. Ankafuna kuona filimu yawo.

Ndinalumikiza zomwe tinali nazo. Munthu akutuluka, pompo akulowa: zinkangooneka ngati waiwala makiyi. Kenako ndinazitembenuza. Munthu afika kwawo, akhala pampando, ayang'ana makoma, anyamula chikwama, apita. Nkhani inakwanira yokha.

Achemwali ataiona anandikokera m'khitchini.

"Mutu wako ukuyenda bwino iwe?" ananong'ona. "Ukufuna munthu wodwala adzionere akutuluka osabwerera?"

"Nanga zapakati ndizitenga kuti, achemwali? Mwa njira yanuyo palibe nkhani."

"Bola azioneka ngati aiwala makiyi. Akaganiza kuti tikuwatsanzika, udzanena chiyani?"

Koma makani ndinabadwa nawo, ndipo bambo anali atayamba kale kugogoda patebulo ndi supuni.

Tinawaikira laputopu pamiyendo, pamwamba pa pilo. Achemwali anaima kumbuyo kwa mpando, akupotokola nsalu yopukutira mbale. Ine filimuyo sindinaiyang'ane n'komwe. Maso anga anali pakamwa pa bambo, mbali imene inakhota ndi sitiroko ija, ndipo ndinkaopa kwambiri. Ndinkaopa kuti ndawauza chinthu chimene adokotala sananene.

Pagalasi la laputopu, munthu wathanzi uja ananyamula chikwama. Chitseko chinatsekeka. Mdima.

Ndinkamva firiji ikulira kukhitchini.

Bambo anakweza dzanja lamanzere. Chala chinaphonya batani. Ndinafuna kuwathandiza, iwo anandikankha ndi chigongono. Anayesanso mpaka filimu inabwerera poyambira.

Chitseko chinatseguka. Munthu uja analowa, anaika chikwama pansi, anakhala pampando wake.

Pomwepo bambo anatseka laputopu, dzanja lawo n'kulisiya pamwamba pake.