Mwana wa Nkhandwe Sapepesa

Mayi wina woluka tsitsi anali pakati pa mutu wa kasitomala pamene mwana wake wamkazi anatulukira pakhomo la saluni, dzuwa lisanafike pamutu, mkono wa malaya uli mbuu ndi choko.

"Andibweza," anatero mwanayo. "Akuti ndipite ndi kholo."

Mayiyo anamangirira kasitomala duku, nagwira mwana padzanja. Nkhani yonse anaimvera m'njira, ndipo pofika pageti la sukulu mtima unali utawira kale.

Anthu a mumsewu wawo ankamutcha Nkhandwe. Dzinalo linachokera kuchimuna chaka chimene anathawa ukwati. Anauza mwamuna wake kuti akupita ndi khanda kusikelo, zovala zake atazikulunga m'matewera, ndipo sanabwererenso. Iye dzinalo ankangoliseka, poti dzina silitupitsa diso. Koma tsoka silinunkha. Mchemwali wa mwamuna uja ndiye anadzakhala mphunzitsi wa Chingerezi m'kalasi la mwanayu.

Tsikuli phunziro linali la mawu ofanana matanthauzo. Mphunzitsi analemba pabolodi dzina la nkhandwe m'Chingerezi, pansi pake nandandalika mawu oyenda nalo: sly, crafty, cunning, trickster. Kenako analoza mwana wa mchimwene wakeyo. "Iwe tatipatsa chitsanzo, poti kwanu ilipo yamoyo." Ana anaseka mpaka kumenya madesiki. Mwanayo anadzuka, napita kutsogolo, nafufuta bolodi lonse ndi mkono wa malaya.

Mu ofesi anapeza ahedi, bambo wa magalasi amene ankaopa phokoso kuposa tchimo. Pambali panakhala mphunzitsi uja, atapinda manja ngati mlendo woitanidwa.

"Mayi, nkhani ndi yaifupi," anatero ahedi. "Mwana apepese pamaso pa kalasi. Apo ayi, akhale kunyumba, ndipo mayeso akubwerawa salemba."

Mawu oti mayeso anamulasa mayiyo. Mwanayu ankawerenga pakati pa mitu ya anthu ndi fungo la mankhwala a tsitsi, buku lili pamwendo. Mayi anachita mantha ndithu, koma mkwiyo unaposa mantha.

"Alamu," anatero akuyang'ana mphunzitsi, "mawu munalembawo tandimasulireni. Ine sukulu ndinalekeza panjira."

"Ine ndimaphunzitsa za m'buku."

"M'bukumo analembamo za kwathu?"

Mphunzitsi anangotsonya. Mayiyo anatembenukira kwa mwana. "Nena ndiwe."

Mwana anayankha ali chiweramire, maso pansi. "Wochenjera. Kathyali. Wonyenga. Tambwali."

"Basi, atha? Onsewo ndi anga, ndawalandira ndi manja awiri. Ndinanama inde kuti ndikupita kusikelo. Litabweranso tsiku lija ndinganamenso, mwinanso kuposa pamenepo."

"Mayi, za m'banja zitsale kunyumba," anatero ahedi akukonza magalasi.

"Anazibweretsa m'kalasi ndine?"

Apa anakweza mlomo wam'mwamba ndi chala, naonetsa mpata umene ankaubisa nthawi zonse poseka. "Alamu, tsiku limene achimwene anu anagwetsa mano awa pakhonde, inu munalipo. Munawasesa ndinu, n'kundiuza kuti ndisachititse banja manyazi. Amene amachita zimenezo, Chingerezi chanucho chimamutcha chiyani? Tsiku lina mudzawaphunzitse anawa."

Kunja kunkamveka kalasi lina likubwereza mawu pambuyo pa mphunzitsi wawo.

"Amayi," anatero mwana motsitsa, "simunati munagwa panjinga?"

Funso limeneli ndilo linamupweteka kuposa zonse. Zaka zonsezi ankamutchinga mwanayu kuti asadane ndi magazi ake, ndipo lero anadzigumulira yekha mpanda.

"Nalonso linali bodza, mwanangu."

Ahedi anatsokomola. "Chabwino, tisapite patali. Kukalasi kusiyeni. Angonena pepani muno, tili anayi, nkhani ithe."

Mayiyo anadziwa kuti liwu limodzi lokhalo likanagula mayeso. Lilime linamuyabwa kuti amuuze mwana angonena. Koma analuma mlomo. Akamugwaditsa lero, mawa adzagwadira ndani?

"Pakamwa ndi pako," anamuuza. "Ukanena, ndiwe mwana wanga. Ukakana, ndiwe mwana wanga."

Mwanayo anaweramuka. Sanayang'ane ahedi, anayang'ana mphunzitsi, ndipo kwa nthawi yoyamba pasukulupo sanawatchule kuti madamu.

"Azakhali, mano a amayi anga munakawataya kuti?"

Mphunzitsi anadzuka. Anatola choko chake patebulo, naima pakhomo atafulatira.

"Alembe mayesowo," anatero mphunzitsiyo kwa ahedi.

Pepani sanamveke mu ofesimo, kwa mwana kapena kwa wamkulu.